Zikomo osamalira amayi oyembekezera a vuto la magazi oundana

Tikuthokoza inu azamba ndi madokotala amene simupeputsa mayi woyembekezera wodwala antiphospholipid syndrome, matenda ochititsa magazi kuundana msanga, akamadandaula chiuno. Ambiri amangoti ndi kulemera kwa mwana, koma inu mumadziwa kuti magazi akaundana m'timitsempha, mutu wa fupa la ntchafu umasowa magazi n'kuyamba kufa, makamaka kwa omwa prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa. Ululu wa m'mphechepeche ukamakula poponda, mumamutumiza kukajambulidwa ndi makina a MRI, omwe alibe cheza chimene chimapezeka mu X-ray, n'kumupatsa ndodo zoyendera kuti fupalo lisaphwanyike.

Zikomonso achibale amene mumamubaya heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, pansi pa khungu tsiku lililonse, mukusinthasintha malo, mpaka masabata 6 atabereka. Mumamukumbutsa kumwa aspirin wa mlingo wochepa, calcium ndi vitamini D, poti heparin wa nthawi yaitali amafooketsa mafupa. Akafuna ibuprofen, mankhwala ochepetsa ululu, mumamuletsa kufikira dokotala atavomereza.