Kutsata odwala matenda a maganizo pa foni: yankho likafika, alione ndani?

Wodwala matenda ovutika maganizo amakhala ndi dokotala mphindi zochepa pa mwezi, masiku ena onse ali kwawo. N'chifukwa chake kumufunsa pa foni mmene akupezera n'kothandiza. Koma ntchitoyi imakonda kulakwika pamene achipatala athamangira kusankha pulogalamu ya pa foni asanagwirizane kuti yankho la wodwala likafika, alione ndani ndipo achitepo chiyani.

Mafunso odziwika kwambiri oyezera kukula kwa matenda ovutika maganizo ndi a PHQ-9, omwe anasindikizidwa mu 2001. Alipo 9 ndipo amafunsa za masabata awiri apitawa: kusasangalala ndi zinthu, kutaya mtima, tulo, kutopa, kadyedwe, kudziona wachabechabe, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kuchita zinthu mozengereza kapena kusakhazikika, komanso maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza. Funso lililonse limalandira malikisi 0 mpaka 3, ndipo onse pamodzi amafika 27. Kuyambira 5 vuto ndi laling'ono, 10 lapakati, 15 lokulirapo, 20 lalikulu zedi. Pa nkhawa pali GAD-7, ya mafunso 7 ndi malikisi 21.

Ulendo woyamba wodwala ayankhe ali ndi namwino, kuti amvetse mafunso komanso kuti pakhale nambala yoyambira. Kenako muzitumiza kamodzi pa masabata awiri, tsiku lomwelo, kaya pa SMS, pa WhatsApp kapena poimba foni. Kutumiza tsiku ndi tsiku kumangotopetsa munthu mpaka amayamba kuyankha mongotaya.

Musadandaule ndi kusintha kwa malikisi awiri kapena atatu. Kusintha kwenikweni kumayambira pa 5. Mankhwala a matendawa amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ayambe kuoneka ntchito yake, choncho nambala ikapanda kutsika poyamba si chifukwa chowasiyira. Ikakhala pomwepo patatha masabata anayi mpaka 6, dokotala afunse ngati wodwala akumwadi mankhwala, kenako aunikenso mlingo. Cholinga n'chakuti malikisi atsike ndi theka, pambuyo pake afike pansi pa 5.

Funso la 9, la maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, ndi limene ndimalilemekeza kuposa onse, ndipo lisamamizidwe m'chiwerengero chonse. Munthu akhoza kupeza malikisi 8 okha, ooneka ngati vuto laling'ono, pamene awiri mwa malikisiwo achokera pa funso la kufuna kufa. Yankho lililonse loposa 0 pamenepa likufunika kuimbiridwa foni tsiku lomwelo. Woimbayo afunse mosapita m'mbali: kodi mwaganizira zodzipha, mwakonza njira, zinthuzo muli nazo pafupi? Kufunsa motere sikumuika munthu maganizowo m'mutu. Popeza foniyo iyenera kuimbidwa tsiku lomwelo, mafunso azitumizidwa m'mawa pa tsiku la ntchito, chifukwa yankho lofika usiku wa Lachisanu likhoza kugona osawerengedwa mpaka Lolemba. Muuzeni wodwala momveka kuti mauthengawa saonedwa usiku, mumupatse nambala ya mwadzidzidzi, ndipo mugwirizane kale za wachibale amene mungamuimbire.

Amene wasiya kuyankha musamuyese kuti wachira. Mwina foni yatha moto, koma matendawa amachotsa mphamvu ngakhale yolembera meseji. Akadumpha maulendo awiri, muimbireni.

Pali zina zimene nambala imabisa. Kuchepa kwa magazi ndi vuto la chithokomiro zimabweretsa kutopa komwe kumakweza malikisi, ndipo zimenezi zimadziwika poyeza magazi basi. Ngati foni amabwerekana pa banja, meseji isatchule matenda, ingonena kuti nthawi ya mafunso yakwana.

Kwa wodwala bipolar, matenda amene munthu amasinthasintha pakati pa kukhumudwa kwambiri ndi kusangalala mopitirira muyezo, PHQ-9 payokha ikhoza kukunamizani. Munthu akamalowa m'nyengo yosangalala mopitirira muyezo, malikisi amatsika ngati akuchira. Onjezani funso lakuti wagona maola angati, chifukwa kugona pang'ono koma osatopa ndi chizindikiro chimene chimabwera msanga. Amene akumwa lithium, mankhwala a bipolar, ayenerabe kubwera kudzayezetsa magazi.

Mapulogalamu ena amawerenga okha mayendedwe ndi tulo kudzera pa foni kapena wotchi. Muziwatenga ngati chokukumbutsani kuti muimbe foni, osati umboni wa matenda: foni yoiwalidwa patebulo imaonetsa ngati mwini wake sanatuluke m'nyumba tsiku lonse. Ndipo musawayatse wodwala asanamvetse zimene mapulogalamuwo akusonkhanitsa n'kuvomereza.