Zenera limodzi, botolo ndi nkhope: pamene ndafika pa kujambula zithunzi

Chiyambire pamene ndinalemba komaliza za kujambula kwanga, ntchito yonse ndakhala ndikuigwirira m'chipinda chimodzi chokhala ndi zenera lalikulu limene dzuwa sililowerapo mwachindunji, ndipo zida ndazichepetsa mpaka kutsala ndi kamera, lenzi imodzi ya mamilimita 85, choimikira kamera cha miyendo itatu, ndi mapepala awiri olimba, lina loyera, lina lakuda. Ndikujambula mitundu iwiri yokha ya zithunzi: nkhope za anthu, ndi zinthu zoikidwa patebulo monga mabotolo, makiyi akale ndi masamba ouma. Anzanga ena amaziona ngati ntchito ziwiri zosagwirizana, ina yofuna munthu wodziwa kucheza, ina yofuna munthu wokonda kukhala yekha. Ine pano ndafika pokhulupirira kuti patebulo m'pamene ndimaphunzirira kuwala mpaka manja atazolowera, n'cholinga choti munthu akadzakhala patsogolo panga, maganizo anga onse akhale pa iye, kamera ingotsatira.

Zina mwa zithunzi zoyambirira za kamera zinali za zinthu zosasuntha ngati za patebulozi, ndipo panali chifukwa chake. Chimodzi mwa zithunzi zakale kwambiri za Louis Daguerre, mmodzi mwa anthu amene anayambitsa luso lojambula ndi kamera, cha mu 1837, chikuonetsa ziboliboli zoikidwa pafupi ndi zenera, popeza nthawi imeneyo kamera inkafunika kukhala yotsegula kwa mphindi zambiri ndipo chinthu chosagwedezeka chokha ndicho chinkaoneka bwino. Njira yake italengezedwa ku Paris mu 1839, anthu anayamba kufuna zithunzi za nkhope zawo, ndipo masitudiyo ankaika chitsulo chobisika kumbuyo kwa khosi kuti mutu usasunthe. Nkhope zouma zimene timaona m'zithunzi za nthawi imeneyo ndi za anthu amene anawasandutsa ziboliboli kwa kanthawi kuti kamera iwakwanitse. Lero kamera imatha kujambula m'kachigawo kakang'ono ka sekondi, koma chizolowezi choumitsa munthu ndi kumulamula ngati katundu sichinathe mwa ife ojambula, ndipo ndicho chimene ndikulimbana nacho kwambiri.

Chinthu chimene chandiphunzitsa zambiri m'nyengo imeneyi ndi botolo lobiriwira lopanda kanthu, lokhala ndi kamng'alu pafupi ndi khosi lake. Galasi ndi lovuta chifukwa palokha silioneka. Chimene diso limaona ndi zinthu zozungulira zimene zikunyezimira pa ilo. Ukaliunika kuchokera kutsogolo, limangotulutsa kadontho koyera kothobwa m'maso, thupi lake lonse n'kukhala lakufa. Ndikaliika pakati pa kamera ndi zenera, kuwala kumadutsa mkati mwake ndipo mtundu wake umadzuka, koma m'mphepete mwake mumasungunukira m'kuyera kwa kumbuyo moti sudziwa pamene botolo lathera. Apa m'pamene pepala lakuda limagwira ntchito: ndikaliimika pambali, kunja pang'ono kwa chithunzi, mzera wakuda umatulukira m'mphepete mwa botolo kuyambira paphewa mpaka pansi, ndipo ndikalisendeza pang'ono chabe mzerawo umanenepa kapena kuwonda. Kamng'alu kaja kamaoneka pokhapokha botolo litatembenuzidwa mpaka kuwala kutagunda pa iko chammbali, ndipo kakaoneka, chithunzi chonse chimasiya kukhala cha botolo lililonse, chimakhala cha botolo ili. Popeza kamera ili pa choimikira chake, ndimatha kutseka kabowo ka lenzi kufika pa f/11 (nambala yosonyeza kuti kabowoko kachepa) kuti khosi ndi tsinde la botolo zonse zioneke bwino, n'kuisiya yotsegula kwa sekondi yathunthu popanda chovuta.

Patebulo pomwepo ndinazolowera mmene kuwala kumachepera ndi mtunda. Lamulo lake ndi lakuti chinthu chikatalikirana ndi nyali kuwirikiza kawiri, kuwala kofika pa icho kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Pazenera lamuloli siligwira ndendende chifukwa zenera ndi lalikulu, komabe zotsatira zake zimaoneka: pafupi ndi zenera mbali imodzi imawala kwambiri ndipo ina imagwera mumdima msanga, pamene mkati mwa chipinda kuwala kumakhala kochepa koma kofanana mbali zonse. Kusankha pamene ndiike mpando ndiye kusankha kale mmene chithunzi chidzamvekere kwa wochiona.

Ojambula amene ndimabwerera kwa iwo kawirikawiri pa nkhani imeneyi ndi atatu. Josef Sudek wa ku Prague, amene anaduka dzanja lamanja pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, anajambula zenera la situdiyo yake kuyambira mu 1940 mpaka mu 1954, lili ndi nthunzi, lili ndi madontho a mvula, nthawi zina patsogolo pake pali tambula ya madzi basi. Edward Weston mu 1930 anaika tsabola mmodzi mkati mwa chitini chotakata kukamwa, kuti kuwala kuzungulire mbali zake zonse, ndipo chithunzicho mpaka lero anthu amachiona ngati msana wa munthu. Koma amene amandigwira mtima kwambiri ndi Irving Penn, amene mu 1972 anatola zotsala za ndudu zotayidwa m'misewu, nazijambula pafupi kwambiri, n'kuzisindikiza zazikulu pa njira yodula yogwiritsa ntchito chitsulo cha pulatinamu, ndipo mu 1975 zinaonetsedwa ku nyumba yoonetseramo zaluso ya Museum of Modern Art mumzinda wa New York. Munthu amene anazolowera kujambula zovala zapamwamba za magazini ya Vogue anapatsa chinthu chopondedwa ndi nsapato chisamaliro chofanana ndi chimene ankapatsa anthu otchuka. Ine ndimaona kuti phunziro lenileni la zithunzi za patebulo lagona pamenepa. Wojambula amene amangofunafuna zinthu zokongola kale sanayambe kuona, chifukwa kukongolako kukumugwirira ntchito imene iye anayenera kugwira.

Ndikabwera ku nkhope, zonse zokhudza kamera ndimakhala nditazimaliza munthu asanalowe. Mpando ndimauika chammbali kwa zenera, kamera ndimaiimika pa mtunda wa mamita awiri kapena kupitirirapo, chifukwa chimene chimakulitsa mphuno ndi kubweza makutu m'mbuyo ndi kuyandikira kwambiri, ndipo lenzi ya mamilimita 85 imandilola kudzaza chithunzi ndi mutu ndi mapewa ndili patali choncho. Kenako ndimachoka kuseri kwa kamera n'kuima pambali pake, chodinira chili m'manja. Izi ndinatengera kwa Richard Avedon, amene pakati pa 1979 ndi 1984 anayenda m'madera a kumadzulo kwa dziko la America akujambula anthu ogwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'malo ophera ng'ombe, ataimika pepala loyera pamthunzi, iye ataima pambali pa kamera yake yaikulu n'kumayang'anizana ndi munthuyo maso ndi maso. Munthu akamaona galasi lokha, nkhope yake imayankha galasilo. Akamaona munthu mnzake, imayankha munthu.

Posachedwapa ndinajambula azakhali anga, mayi wachikulire amene kamera saikonda. Atakhala pampando anawongola msana, anakweza mapewa mpaka pafupi ndi makutu, manja anawapanikiza pamaondo, ndipo anandipatsa kumwetulira kumene munthu amapatsa mlendo. Ndinajambulako pang'ono kuti phokoso la kamera lisakhalenso lachilendo, kenako ndinati, “Azakhali, musavutike n'kumwetulira, ingokhalani mmene mumakhalira mukamadikira munthu amene mukudziwa kuti abwera.” Anaseka, nayamba kundifotokozera za nyumba imene anakuliramo, ndipo ali mkati molankhula anaima kufunafuna dzina limene linawathawa. Pa kanthawi kameneko mapewa anatsika, chala chamanthu chinayamba kusisita mphete ya padzanja linalo, maso anatembenukira kuzenera, ndipo patsaya la kumdima panatulukira kachigawo kowala ka makona atatu pansi pa diso, kamene ojambula amakatchula ndi dzina la Rembrandt, katswiri wakale wojambula ndi utoto. Sindinayang'ane pa kamera ayi, ndinangodina. Ndikanakhala ndikusinthasintha manambala a pa kamera nthawi imeneyo, zikanandidutsa.

Pali nkhani yotchuka ya wojambula Yousuf Karsh, amene pa 30 December 1941 ku Ottawa, ku Canada, anachotsa ndudu pakamwa pa Winston Churchill, nduna yaikulu ya Britain nthawi imeneyo, mwadzidzidzi, n'kujambula nkhope yaukali imene inatsatira. Chithunzicho n'champhamvu ndipo sindingachinyoze, koma nkhaniyi yaphunzitsa ojambula ambiri kuganiza kuti nkhope yeniyeni ya munthu ndi imene umailanda iye asakufuna. Ine sindivomereza. Munthu ali ndi nkhope zambiri ndipo zonse ndi zake. Yodzidzimuka siiposa yodekha pa kuona, ndipo imene wakonzekera kuionetsa kwa anthu imanenanso zambiri za iye. Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako, ku Mali, mu 1948, ankajambulira pabwalo ndi kuwala kwa masana, kumbuyo atapachika nsalu yamaluwamaluwa, ndipo ankabwereketsa makasitomala ake wailesi, wotchi kapena cholembera kuti aoneke mmene ankafunira kukumbukiridwa. Kawirikawiri ankajambula kamodzi kokha. Palibe amene amayang'ana zithunzi zake n'kunena kuti n'zabodza chifukwa anthuwo anakonzekera. M'malo mwake timaonamo zofuna zawo, ulemu wawo ndi nthawi imene ankakhalamo. Chithunzi cha nkhope ndi pangano la anthu awiri, ndipo pachifukwa chimenechi aliyense amene ndamujambula amaona zithunzizo anthu ena asanazione, ndipo chimene wachikana sindichionetsa kwa wina aliyense, ngakhale chitakhala chimene ine ndachikonda koposa.

Pa nkhani ya kuoneka bwino kwa kanthu kalikonse m'chithunzi ndafewa. Julia Margaret Cameron analandira kamera yake yoyamba mu 1863 ali ndi zaka 48, ndipo akatswiri a nthawi yake ankamudzudzula kuti zithunzi zake n'zosawongoka fokasi, ndiye kuti zosaoneka bwinobwino, komabe chithunzi chake cha wasayansi John Herschel cha mu 1867, tsitsi loyera lili nyankhalala pozungulira nkhope, chikadali chamoyo kuposa zambiri za omudzudzulawo. Tsopano ndimangoonetsetsa kuti diso limene lili pafupi ndi kamera laoneka bwino, zotsalazo ndimazilola kufewa.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti botolo lija lindithandiza pa khungu. Choyezera kuwala cha m'kamera chimayesetsa kusandutsa chilichonse kukhala chotuwa chapakatikati, motero chikakumana ndi nkhope yakuda chimaonjezera kuwala mpaka khungu litambuwa ndi kutaya mtundu wake. Ndiye ndimayeza ndekha n'kusiya khungu pa kuda kwake kwenikweni. Ndipo monga galasi, khungu lakuda limaonetsa maonekedwe ake kudzera m'kunyezimira: zenera lalikulu lili pafupi limajambula mzera wofewa pamphumi, pafupa la tsaya ndi pamlomo wa m'munsi, pamene fulashi yaing'ono yochokera kutsogolo imangosiya timadontho toyera ngati thukuta. Pepala loyera ndimaliika kumbali ya mdima kuti libweze kuwala pang'ono, ndipo pa nkhope yotakata nthawi zina ndimaikapo lakuda kuti nsagwada ioneke pamene yathera. Pokonza zithunzi pa kompyuta ndili ndi malire amene ndadziikira: chiphuphu chimene chidzakhala chitapola sabata yamawa ndimachichotsa, koma chipsera, makwinya ndi imvi ndimazisiya, chifukwa zimenezo n'zimene zimachititsa kuti nkhopeyo ikhale ya munthu ameneyu.

Chimene chikundivutabe ndi manja. Patebulo ndimatha kutembenuza kiyi kangapo mpaka mthunzi wake utagwa pamene ndikufuna, koma ndikangouza munthu pamene aike manja, zala zimauma ndipo chithunzi chimaulula kuti wauzidwa. Ndikapanda kunena kanthu, ambiri amawabisa pansi pa tebulo kapena pakati pa maondo. Pakali pano ndikuyesa kupempha munthu kuti abwere ndi chinthu chimene amachigwira tsiku ndi tsiku, kaya ndi magalasi a m'maso, kaya ndi chida cha ntchito yake, chifukwa dzanja limadziwa lokha mmene limagwirira chinthu chimene linazolowera. Apa mitundu iwiri ya zithunzi ija ikukumana m'chithunzi chimodzi, ndipo ndikufunika kuunika chinthucho ndi nkhope ndi zenera limodzi lomwelo, chimene si chapafupi ngati chinthucho n'chachitsulo chonyezimira.

Ntchito yotsatira ndi kuyesa njira ina ya Penn ya mu 1948, pamene anaimika matabwa awiri aakulu mokumana ngati ngodya yopanikiza n'kulowetsamo anthu ojambulidwa. Ena ankatsamira khoma, ena ankadzipinda, ena ankaima ngati akufuna kulikankha, ndipo aliyense ankapeza yekha chochita ndi thupi lake popanda kuuzidwa. Ndapeza kale matabwa awiri opepuka amene ndiwapake utoto wotuwa, ndipo ndiyamba ndi kuikamo mpando wopanda munthu kuti ndione mmene kuwala kwa zenera kukugwera pa makoma awiriwo m'mawa ndi madzulo, ndisanaitane munthu woyamba.