Anandipempha okha kuti ndilembe ndemanga, kenako n'kunditumizira bilu

Ndemanga yanga yatuluka, ili ndi DOI yake (nambala yokhazikika yopezera nkhani pa intaneti), ndipo mtima wakhala pansi. Koma mkwiyo usanazizire ndati ndilembe momwe zinayendera, mwina zingathandize wina amene mkonzi wa magazini ya kafukufuku wamupempha kulemba ndemanga yotsegulira kope, ija amati Editorial.

Ndemanga zimenezi zili pawiri. Magazini ena, monga Nature, salemba dzina la munthu pa ndemanga zawo chifukwa amati ndi mawu a magaziniyo. The Economist nayonso imachita chimodzimodzi. Ena, monga BMJ ndi New England Journal of Medicine, amapempha katswiri wakunja kuti anenepo maganizo ake, dzina lake n'kulembedwa poyera. Yanga inali ya mtundu wachiwiriwu, koma ku magazini ina imene sindiitchula pano. Mkonzi ananditumizira nkhani ya ofufuza ena imene inali itavomerezedwa kale, n'kundipempha kuti ndifotokoze tanthauzo lake kwa owerenga.

Musanavomere, funsani zinthu ziwiri, ndipo yankho libwere pa imelo, osati pa foni. Choyamba, kodi ndemanga yanuyo ilowa m'makina awo ngati Editorial? Chachiwiri, kodi pali ndalama iliyonse yolipira? Ine ndinafunsa, mkonzi n'kuyankha mwachidule kuti ndemanga zopemphedwa sizilipiritsidwa. Kamzere kameneko n'kamene kanadzandipulumutsa.

Za kulemba kwenikweniko sinditalikitsa. Amakupatsani malire a mawu, maumboni amafuna ochepa, ndipo nkhani imene akutumizirani ndi yachinsinsi mpaka tsiku lotuluka, ndiye musaipereke kwa mnzanu wa ku ofesi kuti "angoionako". Musabwereze zimene ofufuzawo anena kale, owerenga adzaziwerenga okha patsamba lotsatira. Nenani chimene chasintha chifukwa cha zotsatirazo, nenani pamene pafooka, ndipo muchite mwaulemu chifukwa mawa ndi iwowo amene adzaunike ntchito yanu.

Vuto linayamba potumiza. Kaya magazini ikugwiritsa ntchito makina otumizira nkhani a ScholarOne, Editorial Manager kapena Open Journal Systems, funso la mtundu wa nkhani limabwera koyambirira, ndipo zambiri zotsatira zimadalira yankho limenelo. Ine nditalowa, pa mndandandawo panalibe Editorial. Ndinalembera ofesi ya mkonzi. Anandiyankha kuti ndingosankha Original Research, mtundu wa nkhani za kafukufuku weniweni, iwo akonza okha mkatimo. Ndinamvera, si iwo eni ake nanga?

Makina aja anayamba kundifunsa zinthu zimene ndemanga sikhala nazo: chidule chogawidwa m'zigawo, nambala ya chilolezo cha komiti yoona zoti kafukufuku asavulaze anthu, komanso kumene ndasunga deta yanga. Deta iti? Ndinalemba kuti sizikukhudza nkhaniyi m'bokosi lililonse, ena n'kukana kuti mawu achepa. Ndinapirira, ndinatumiza, mkonzi anawerenga, anapempha kuti ndifewetse ndime imodzi, n'kuvomereza. Ndinkaganiza kuti zatha.

Kenako bilu ija inafika. Inachokera kwa osindikiza, osati kwa mkonzi, ndipo inkafuna ndalama yonse imene ofufuza amalipira kuti nkhani yawo iziwerengedwa mwaulere, ija amati APC. Amene simunakumanepo nayo dziwani kuti si ndalama yamasewera. Nature italengeza yake mu 2020, kuti iyambe kugwira ntchito mu 2021, inali ma euro 9,500 pa nkhani imodzi. Ya magazini yangayi sinafike pamenepo, komabe inali yoti munthu ungakhale kaye pansi. Ndalama yolipirira ntchito imene anandipempha okha, imene ndinaigwira usiku popanda malipiro!

Tsiku limene linandipsetsa mtima ndi lotsatira lake. Ndinali ndi ntchito yanga yoti ndimalize, koma linathera pa maimelo. A ku ofesi ya mkonzi anati nkhani za ndalama si zawo, ndilembere osindikiza. A kwa osindikiza anati makina awo akuonetsa Original Research, ndipo amene angasinthe mtundu wa nkhani ndi mkonzi yekha. Mkonzi anali patchuthi, imelo yake ikungobweza uthenga woti abwerako. Ndinabwerera ku ofesi, kwa munthu yemweyo amene anandiuza kuti akonza okha, iye n'kunena kuti nkhani ikavomerezedwa imachoka m'manja mwawo. Kwa osindikiza nthawi iliyonse ankandiyankha munthu wina, ndi nambala ina ya dandaulo, ndipo aliyense ankayamba ndi kundithokoza chifukwa chowalembera. Ndinali ngati mpira umene osewera akungopatsirana popanda wofuna kugoletsa.

Chimene chinandiwawa koposa ndi malangizo amene anandipatsa madzulo ake: ndilembe fomu yopempha kuti andikhululukire ndalamayo. Osindikiza ambiri alidi ndi dongosolo limeneli, ndipo ambiri amatsatira mndandanda wa mayiko osauka wa pulogalamu ya Research4Life posankha oyenera kuchotseredwa. Ndi dongosolo labwino kwa amene akulifuna. Koma ine ndinalibe ngongole yoti wina andikhululukire. Musavomere njira imeneyi ngakhale mutatopa, chifukwa bilu ifafanizidwa koma mtundu wa nkhani ukhala wolakwika womwewo, ndipo udzapita choncho kulikonse kumene nkhaniyo ikalembetsedwe. Ndemanga ya masamba awiri idzaoneka ngati kafukufuku wopanda njira, wopanda zotsatira, dzina lanu lili pamwamba.

Ndaiwala za mafomu, ndibwerere m'mbuyo pang'ono. Magazini a zaumoyo ambiri amafuna fomu ya ICMJE (komiti ya akonzi a magazini a zaumoyo) youlula ngati muli ndi ubale wa ndalama kapena wa ntchito umene ungapotoze maganizo anu. Pa ndemanga amaiyang'anitsitsa kuposa pa nkhani wamba, poti ndemanga ndi maganizo okhaokha. Ngati munagwirapo ntchito ndi mmodzi wa olemba nkhani ija, uzani mkonzi musanayambe n'komwe kulemba. Khalaninso ndi ORCID yanu pafupi, nambala yozindikiritsa wofufuza ya manambala 16 ija imene inayamba mu 2012, chifukwa makina ena sakulolani kupitirira popanda iyo. Kuyambira 2023 ICMJE imafunanso kuti munene ngati mwagwiritsa ntchito mapulogalamu a AI polemba, ndipo pulogalamu yotere singalembedwe ngati mlembi.

Panalinso kanthu kena kamene sindinakakonde. Wothandizira mkonzi anandipempha kuti ndiwonjezere maumboni angapo ochokera m'magazini yawo yomweyo, ati kuti ndemanga "ilumikizane ndi owerenga". Chifukwa chake chenicheni si chinsinsi. Powerengera Impact Factor, nambala yoyezera kutchuka kwa magazini, a kampani ya Clarivate amagawa chiwerengero cha maulendo amene nkhani za magazini zatchulidwa ndi chiwerengero cha nkhani za kafukufuku ndi zounika kafukufuku zimene inasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo. Ndemanga siziwerengedwa pa chiwerengero chachiwiricho, koma maumboni amene zatchula amawerengedwa pa choyambacho. Ndiye ndemanga yodzaza ndi nkhani za magazini yomweyo imakweza nambala mwaulere. Clarivate inachotsapo magazini ena pa mndandanda wake chifukwa chodzitchula mopitirira muyeso, ndipo COPE, bungwe loona za chilungamo posindikiza limene linakhazikitsidwa mu 1997, limatsutsa khalidwe lokakamiza olemba kuchita zimenezi. Ndinatenga umboni umodzi umene unkagwirizanadi ndi mfundo yanga, enawo ndinawakana mwaulemu. Palibe anandifunsanso.

Tibwerere ku bilu. Chimene chinathetsa nkhaniyi ndi imelo yoyamba ija. Ndinaifufuza, ndinaitumiza kwa onse pamodzi, mkonzi, ofesi yake ndi osindikiza, mu uthenga umodzi kuti aliyense aone kuti mnzake waona. Pamwamba ndinalemba mizere iwiri yokha: nayi kalata yondipempha, nawa mawu a mkonzi oti palibe cholipira, chonde sinthani mtundu wa nkhani. Sindinapepese, sindinafotokozenso mbiri yonse. Mkonzi atabwerako anayankha ndi chiganizo chimodzi, ndipo chinthu chimene anthu onse aja ankati n'chosatheka chinatheka nthawi yomweyo. Ndiye ndikubwerezanso, funsani za ndalama ndi za mtundu wa nkhani musanalembe liwu ngakhale limodzi, ndipo yankho lisungeni poti simungalitaye. Akakuuzani kuti sankhani mtundu wina akonza okha, kanani. Apempheni akutumizireni linki yoitanira anthu opemphedwa, kapena atsegule Editorial pa akaunti yanu. Angathe kutero.

Zitatero ma proofs, masamba oti mlembi awaone komaliza asanasindikizidwe, anabwera, ndi nthawi yochepa yoti ndiwabweze, monga amachitira magazini ambiri amene amapereka maola 48. Apa musangoyang'ana kalembedwe ka mawu. Yang'anani pamwamba pa tsamba loyamba ngati palembedwa Editorial. Yang'anani dzina lanu ndi la kuntchito kwanu. Yang'anani ngati umboni wa nkhani imene mukuikambayo uli ndi DOI yeniyeni, chifukwa nthawi imene munkalemba inali isanatuluke ndipo pamalopo pamatsala pongosungira. Pa ine panali patatsala choncho, ndipo zikanasindikizidwa ndemanga ikanaloza ku nkhani yosapezeka. Fomu ya laisensi, kaya ndi CC BY (yolola ena kugwiritsa ntchito nkhani bola atchule mlembi) kapena ina, imabweranso nthawi yomweyi, ndipo osasaina nkhani siyenda.

Makina awo a ndalama sanamve msanga kuti nkhani yatha. Uthenga wondikumbutsa kulipira unabwerabe ndemanga itatuluka kale, wina wake wonena kuti ndachedwa. Musaunyalanyaze, pemphani kalata yotsimikiza kuti bilu yafafanizidwa, chifukwa ngongole yabodza ikakhala pa akaunti yanu ingadzakutsekerezeni mukadzatumiza nkhani ina kwa osindikiza omwewo.

Pa CV yanu ndemangayi muiike payokha, osaisakaniza ndi nkhani zimene zinaunikidwa ndi akatswiri anzanu. Ndemanga zambiri zimaunikidwa ndi akonzi okha, ndipo PubMed ndi Web of Science, nkhokwe zofufuziramo nkhani za kafukufuku, zimazilemba m'gulu lawolawo, moti komiti yokweza anthu pantchito ikafufuza idzaona yokha kuti ndi ndemanga.