Mwana wa ku Senga Bay anatsekeredwa ndi madzi ku Dover

Ndinabadwira ku Senga Bay. Kusambira ndinakudziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa, nkhafi ndinaigwira ndili Sitandade 2. Munthu akamandichenjeza za madzi ndinkangoti eya, mumtima ndikuseka. Mtima umenewu ndi umene unanditsitsira kunsi kwa maphompho oyera a ku St Margaret's Bay, pafupi ndi Dover ku England, Loweruka lina, ndili ndi alamu anga amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Leeds.

Nyanja ya kwathu ikakwiya ndi mwera imakwiyadi, koma bwato ukalikokera pamchenga m'mawa, madzulo ulipeza pomwepo. Ya kuno imapita n'kubwerera kawiri pa tsiku, ndipo ku Dover mwezi ukakhala wathunthu madzi amakwera pafupifupi mamita 6. Chikwangwani chochenjeza chinalipo, ndinachiwerenga bwinobwino. Ndinati izi alembera anthu a m'tauni.

Tinayenda kamtunda ndithu, uku tikujambulana zithunzi zotumiza kumudzi. Potembenuka, miyala imene tinadzerapo inali itamira. Kumbuyo kwathu khoma la choko lakuti njo, losakwereka, lomwe limagumuka lokha.

"Alamu, si inu mumati ndinu mwana wa m'nyanja?"

"Tadikirani alamu, ndikuganiza."

Ndinaviika phazi m'madzimo. Kuzizira kwake ngati achokera mufiriji, ndipo za kusambira zinathera pomwepo. Foni yanga inali itagwira netiweki ya ku France. Pamalopo zimachitika kawirikawiri, chifukwa tsidya linalo lili pa makilomita 33 okha ndipo phompho limatchinga netiweki ya kuno. Mwayi, ya alamu inagwira. Ndinaimba 999 n'kunena kuti ndikufuna a Coastguard.

Anayankha mayi wina wosapupuluma ngakhale pang'ono. Mulipo angati? Pali mwana? Alipo wavulala? Munatsikira pati, ndipo poyenda nyanja inali kudzanja liti? Mwavala zamtundu wanji? Batire yatsala bwanji? Kenaka anatilangiza kuti tisayese kukwera phompho, tisalowe m'madzi, tiime pamwala wokwera koma osatsamira khoma. Madzi atatifika m'mawondo tinaona kaboti ka olenji kakudumpha mafunde. Wotipatsa bulangeti m'botimo anandiuza kuti iye ntchito yake ndi yokonza mipope ya madzi, ndipo anasiya chakudya pambale atamva kuitana. Manyazi anandigwira kuposa kuzizira.

Ine ndinkaganiza kuti Coastguard ndi asilikali okhala ndi maboti amfuti. Kalekale zinali pafupi ndi zimenezo, poti anaikhazikitsa mu 1822 makamaka kuti izigwira ozembetsa katundu. Koma boti lomwe linatitola silinali lawo. Linali la RNLI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja lomwe lakhalapo kuyambira 1824, loyenda ndi zopereka za anthu, ndipo ambiri okwera maboti ake salandira malipiro. A Coastguard a ku Dover amakhala m'chipinda pamwamba pa phompho ku Langdon Battery, moyang'anizana ndi doko, maso pa makompyuta, makutu pa wailesi, makamaka tchanelo 16 pomwe sitima iliyonse imakuwira ikaona zakuda. Ali ngati nyakwawa pamaliro: sakumba manda, saphika nsima, koma ndi amene amadziwa woti amutume ndi kumene apite. Akamva kuti pali vuto amawerengera kumene mphepo ndi madzi zingakankhire munthu, kenaka n'kusankha chotuma: boti la RNLI, helikopita ya ku Lydd, gulu lawo la anthu odzipereka lomwe limatsika maphompho ndi zingwe, kapena sitima ina iliyonse yodutsa pafupi. Ntchito ikawachulukira, likulu la ku Fareham limagawira ina kwa anzawo a madera ena.

Opusa ngati ine ndi kantchito kochepa chabe. Pakhwalala la madzi la pakati pa England ndi France pamadutsa sitima zazikulu pafupifupi 400 pa tsiku. Mu 1967 anadulapo misewu iwiri: zopita kumwera chakumadzulo zimadzera mbali ya England, zopita kumpoto chakum'mawa mbali ya France, komwe amaziyang'anira anzawo a ku Cap Gris-Nez. Msewu wopanda wouyang'anira sunathandize kwenikweni. Mu Januwale 1971 sitima ya Texaco Caribbean inagundana ndi Paracas n'kumira. M'mawa mwake Brandenburg inagunda zibenthu zake, nayonso n'kumira. Mwezi wotsatira Niki inakathera pomwepo. Anthu 51 anapita. Chaka cha 1972 ndi pomwe anayamba kulondera misewuyi ndi radar, ndipo lero sitima ya matani 300 kapena kuposa imayenera kudzitchula dzina, komwe ikupita ndi ngati yanyamula zoopsa. Tsopano ndikakwera sitima ya ku Calais ndimatuluka panja kukaonerera. Imadula misewu iwiriyo molunjika ngati mayi wosenza dengu la kabichi akuwoloka M1 pa Lizulu tsiku la msika.

Nkhani yowawa ndi ya timaboti topopa mpweya. Mu 2022 anthu oposa 45,000 anawoloka pa timaboti totere kuchokera ku France. Pa 24 Novembala 2021 anthu osachepera 27 anamira usiku umodzi, ndipo boma linaika Sir Ross Cranston kuti afufuze zomwe zinalakwika. Kugwira ozembetsa anthu ndi kufunsa mapepala ndi ntchito ya olondera malire a Border Force ndi apolisi. Funso la a Coastguard ndi limodzi: kodi pali moyo womwe uli pangozi? Kuntchito kwathu, kunyumba yosamalira okalamba, nkhani imeneyi ikayamba pa nthawi ya tiyi anthu amatukusira, ena mpaka kunena kuti angowasiya pamadzi pomwepo. Ine sindilowererapo kwambiri. Ndimangokumbukira kuti mayi uja anamva Chingelezi changa cha ku Salima, koma za pasipoti kapena viza sanafunse. Anafunsa mtundu wa jekete.

Agogo ankakonda kusimba za Vipya, sitima yomwe inamira mu 1946 ndi anthu 145. Koma ine imene ndimaikumbukira ndi ya malume anga, omwe anapita kuchilimira usiku wina wa mwera. Amayi anagona pamchenga, abambo anazungulira ndi nyali mpaka kunacha. Apolisi a pamadzi ndi asilikali a ku Monkey Bay analipo, koma masiku amenewo mudzi wonse unalibe foni. Bwato linapezeka patapita masiku atatu, lokhalokha.

Pafiriji pathu tsopano ndinamatapo pepala la nthawi zomwe madzi amakwera ndi kuphwa. Alamu nawo sanasunge chinsinsi. Tisanafike n'kunyumba komwe, chithunzi changa nditafunda bulangeti chinali chili kale pa gulu la WhatsApp la kumudzi. Usiku womwewo amayi anatumiza mawu: "Tathokoza Mulungu, mwanawe. Koma tiwauza chiyani anthu kuno? Madzi a m'mawondo?"