Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Ine, Madala ndi TV ya mabuku

Gawo lapita lija ndinalekezera pomwe ntchito ya kufakitale ku Elkhart inatha, nthawi ija ya 2009 mafakitale akuchotsa anthu ngati akupeta mankhusu. Ndinakhala miyezi iwiri ndili phee pakhomo, renti ikundiyang'ana, kumudzi akungofulasha foni. Ndiye mayi wina wakutchalitchi kwathu ku South Bend, Mmalawi mnzathu, anandiuza kuti achemwali musamasankhe, kuno tonse tinadutsira kosamalira okalamba. Ndinapita, ndinaphunzira kunyamula munthu osathyola msana, kusintha zofunda munthu ali pabedi pomwepo, ndipo shifiti yomwe anandipatsa inali ija aliyense amaithawa, kulowa Lachisanu madzulo kutuluka Lolemba m'mawa, kugona konko.

Munthu wake dzina sinditchula. Kwa anzanga ndinkangoti Madala, pamaso pawo ndinkati Agogo, ndipo atafunsa tanthauzo lake anakondwa nalo moti mwana wawo akabwera kudzawaona ankamuuza kuti iwe sundiitana bwino, tamva mmene amaitanira uyu. Anali munthu wakuda wa konkuno ku America, zaka 87, wamtali, miyendo inali itafooka koma mutu unali gwa. Lamulo m'nyumba imeneyo linali limodzi basi: rimoti osaigwira.

Ine ndinkaganiza kuti mwina ndi mpira wawo uja wovala zipewa. Ayi ndithu. Loweruka 8 koloko m'mawa, phala la oats lisanapse n'komwe, ankatsegula C-SPAN2, ndipo nthawi imeneyo tchanelo chimenechi chinkaonetsa za mabuku zokhazokha kuyambira Loweruka m'mawa mpaka Lolemba m'mawa, maola 48, pulogalamu yake amati Book TV. Osati mabuku a nthano ayi, koma a mbiri yakale, a nkhondo, a ndale, a miyoyo ya mapulezidenti. Kanema wake ndi uyu: munthu waima pagome m'sitolo ya mabuku kapena mulaibulale, kambotolo ka madzi pambali, akuyankhula kwa ola lathunthu za buku lomwe walemba, anthu 40 akhala pamipando yopinda ena akuwodzera, kamera siyendayenda, nyimbo palibe, zotsatsa malonda palibe chifukwa tchanelocho amalipirira ndi makampani a kebulo. Akamaliza anthu amaima pamzere pa maiki kufunsa mafunso, ndiye pamakhala bambo wina nthawi zonse woti m'malo mofunsa amayamba kulalikira.

Masabata awiri oyamba ndinavutika abale. Ndimati koma anthu awa, ndalama zonsezi n'kumaonera munthu akungoyankhula? Ine ndinakula ndi wailesi ya MBC, TV kwathu inabwera 1999 ndili wamkulu kale, ndipo TV ndinkaidziwa kuti ndi ya mafilimu a ku Nigeria ndi kwaya. Ndinkakhala pakona ndi foni yanga kudikira nthawi ya mankhwala.

Chomwe chinandikoka poyamba si nkhondo ayi, anali bambo wina wa tsitsi loyera dzina lake Brian Lamb, yemwe anayambitsa C-SPAN mu 1979, mwana wa konkuno ku Indiana, ku Lafayette, ndipo Madala ankamunyadira ngati m'bale wawo. Ankabwereza mapulogalamu ake akale a Booknotes, omwe anayenda kuchokera 1989 mpaka 2004, okwana 801, ola limodzi mlembi mmodzi, ndipo palibe mlembi anabwerako kawiri. Mafunso ake ndi omwe ankandiseketsa. Kutsogolo kwake kwakhala pulofesa wa madigiri ambirimbiri, iye n'kungofunsa kuti mumalembera kuti, m'mawa kapena usiku, bambo anu ankagwira ntchito yanji, munthu ali pachithunzi apayu ndani. Mafunso a mwana wa sitandade 4 enieni. Koma ukaona pulofesa uja wasiya Chingerezi cha m'buku, wayamba kufotokoza ngati munthu. Madala ankaloza TV n'kunena kuti waona mwana wanga, uyu amafunsa n'kukhala chete, enawa amafunsa kuti timve kuti ndi anzeru.

Ndinazindikira patapita nthawi kuti Madala sankangoonera, ankadikira. Pambali pa mpando wawo panali kabuku kolembamo, mlembi akayamba za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankatenga bolopeni, akamaliza ankaibweza pansi osalemba kanthu. Normandy, Normandy, Pearl Harbor, Iwo Jima, Normandy kachikena, kenako za nkhondo yapachiweniweni ya ku America, Gettysburg ndi pulezidenti Lincoln, mpaka ine ndinafika pomudziwa Lincoln kuposa mfumu ya m'mudzi mwathu. Tsiku lina ndikuwadula zikhadabo ndinafunsa, Agogo kodi mumadikira chani. Anati msewu wanga.

Anandifotokozera usiku umenewo mpaka mankhwala a 9 koloko tinawamwa 10. Iwo anali m'gulu la asilikali omanga msewu wa Ledo, wochoka ku Ledo ku Assam m'dziko la India, kukwera mapiri kudutsa Pangsau Pass, kulowa m'nkhalango za kumpoto kwa Burma mpaka kukalumikizana ndi msewu wakale wopita ku Kunming ku China, chifukwa Ajapani anali atatseka njira ya kumwera mu 1942 ndipo katundu wopita ku China ankangodutsa pandege pamwamba pa mapiri. Ntchito inayamba December 1942, magalimoto oyamba anakafika ku Kunming February 1945. Asilikali a America pamsewupo analipo ngati 15,000 ndipo oposa theka anali akuda, chifukwa nthawi imeneyo gulu lankhondo la America linali losankhana mitundu, mpaka 1948, ndiye wakuda ankapatsidwa fosholo, buludoza ndi lole, olamula ali azungu. Anthu oposa 1,000 a ku America anafera pamsewu umenewo, ambiri osati ndi chipolopolo koma malungo, ngozi, madzi osefukira. Madala ankayendetsa buludoza. Anati mvula yake ukamanga lero mawa upeza phiri latsika lakwirira zonse, ndipo misundu inkalowa m'nsapato, m'makutu, pena poti sanganene pamaso pa ine.

Atangoti misundu ine thupi linachita tsembwe.

Chifukwa mawu amenewo ndinawamvapo, ku Ntcheu, ndili kamtsikana, kuchokera kwa agogo anga aamuna obereka mayi. Agogo anali a Keyala, ndiye kuti King's African Rifles, ndipo m'mudzi monse ankadziwika ndi jasi yawo yaitali yomwe ankavala ngakhale mu October dzuwa likuswa mtengo. Akalawa kachasu pang'ono ankaima pabwalo n'kuyamba lefiti raiti, kukuwa mawu osakaniza Chinyanja, Chiswahili ndi Chingerezi chothyoka, ndipo ife ana tinkawatsatira pambuyo ndi mapesi paphewa tikufa ndi phwete. Ankati ku Bama, sankatha kunena Burma, ku Bama mvula simakata, chakudya chimagwa kuchokera kumwamba, misundu imakuyamwa uli mtulo. Ife tinkati agogo ayamba bodza lawo lija, chakudya chingagwe kumwamba ngati mana? Mayi ankatikalipira koma nawonso ankaseka chakumbali. Agogo angawo anamwalira 1996 ine ndili fomu 3, ndikuloweza za pangano la Versailles kuti ndikhoze mayeso, osadziwa kuti munthu woti anaiona nkhondo ndi maso ake akugona kuseri kwa khitchini yathu.

Ndinawauza Madala zimenezi, anakhala tsonga pampando, mmene sanachitirepo. Anati agogo ako anali kuti, gulu lanji, chaka chanji. Ine kukamwa yasa. Sindinkadziwa ngakhale chimodzi. Ndipo anandiyang'ana mmene aphunzitsi amayang'anira mwana woti wataya buku la sukulu, anati unali naye zaka zonsezo sunamufunse? Ndinayankha kuti tinali ana. Anati ngakhale funso limodzi la Brian Lamb, lakuti munkadya chani?

Lachiwiri lake ndinapita kulaibulale ya mumzinda, kufuna kudzichotsa manyazi, ndipo mayi wa pakauntala anandithandiza kufufuza pakompyuta. Zomwe ndinapeza zinandikhalitsa pansi. Asilikali a kwathu, nthawi imeneyo Nyasaland, anamenya nkhondo ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ena ku Madagascar mu 1942, kenako anakwera sitima ya pamadzi kupita ku Ceylon kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango, ndipo mu 1944 gulu la 11th East African Division, momwe munali mabataliyoni a kwathu pamodzi ndi a ku Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Northern Rhodesia, linalowa m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yeniyeni, pomwe aliyense ankati nkhondo siyingamenyeke, kuthamangitsa Ajapani omwe anagonja ku Imphal ndi Kohima mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu December. Chigwacho anachipatsa dzina loti chigwa cha imfa chifukwa cha malungo ndi matenda ena. Misewu inali matope okhaokha moti chakudya ankachiponya kuchokera pandege. Chakudya chogwa kumwamba chija. Ndinatuluka mulaibulale muja ndikulira ngati wamva uthenga wa maliro, anthu pa basi akundiyang'ana.

Ndipo gulu lonse lankhondo la Britain ku Burma, la General Slim, eni ake ankalitcha gulu loiwalika. Tsono taganizani, ngati azungu ake ankadandaula kuti aiwalidwa, nanga agogo anga a jasi aja?

Kuyambira pamenepo weekend inasintha, tinakhala anthu awiri odikira, wina msewu wake wina chigwa chake. Ndinasiya foni, ndinakokera mpando pafupi. Ndisaname, ena mwa alembi aja ankandigwira mtima, makamaka omwe ankati ndinayenda m'nyumba za okalamba ndi tepi rekoda, ndinawerenga makalata omwe msilikali ankalembera mkazi wake, ndinapeza dayale m'katoni pagalaja. Ndinaona kuti anthu awa chilichonse amasunga, kalata, chithunzi, risiti, ndiye mdzukulu akafuna kulemba buku poyambira alipo. Ena ankanditopetsa, aja ongotchula manambala a magulu ndi mayina a akuluakulu ngati nkhondo inamenyedwa ndi anthu asanu atazungulira mapu. Madala oterowo ankawati sanaponde matope awa. Koma ankaonerabe mpaka kumapeto, ati mwina atchula pa mafunso.

Kwathu chipilala chilipo, chija chachitali cha njerwa zofiira ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks, ndadutsapo kangapo pa minibasi popita ku Chinamwali osatsika ngakhale tsiku limodzi. November aliyense timaona madala ovala mamendulo atakhazikidwa pamipando, nkhata za maluwa, lipenga, basi chaka chatha. Malipenga ndi beni timavina, osafunsa kuti kuguba kumeneku kunachokera kuti. Sindikunena kuti tikhale ndi maola 48, magetsi ake ati, koma ola limodzi lokha munthu atakhala pansi ndi gogo n'kumufunsa kuti munkadya chani.

Ndiye tinapangana zoimba foni. Lamulungu loyamba la mwezi kunkakhala pulogalamu ya In Depth, maola atatu mlembi mmodzi, anthu akuimba kuchokera m'makomo mwawo. Mwezi umenewo kunali wolemba za nkhondo, Madala anati uyu timufunse. Funso tinalikonza Loweruka lonse, iwo akunena ine ndikulemba m'kabuku kaja, kufufuta, kulembanso, chifukwa ankati likatalika adzatidula. Linatsala lalifupi: bwanji za anthu akuda omwe anali ku Burma, a ku America omanga msewu ndi a ku Africa a m'chigwa cha Kabaw, sizimveka? Anati uyankhule ndiwe, akamva kayankhulidwe kako adzatchera khutu.

Lamulungu masana mwana wawo anabwera kudzawatenga kupita kutchalitchi ndi kukadya kunja, zomwe zinkachitika mwa apo ndi apo, tinabwerako madzulo onse titatopa. Usiku ndikutsegula TV ndinangoona mlembi uja ali pompo, manambala a foni ali pansi pa sikirini. Ndinawadzutsa Madala, ndinawaveka magalasi, anafuna ndi chipewa chawo cha usilikali chomwe ngati kuti atiwona. Ndinaimba, mtima uli thi thi thi, pepala lili m'manja. Palibe woyankha. Kuimbanso, chimodzimodzi. Kasanu konse. Kenako Madala anayandikira TV n'kuwerenga timawu tating'ono pakona, anayamba kuseka mpaka kutsokomola, ndinachita kuwamenya pamsana. Pulogalamu inali itaulutsidwa masana ife tili kutchalitchi, ife tinkaimbira yobwereza.

M'mawa mwake ndisanaweruke ndinakanda khadi loimbira kunja lija la madola 5, kuimbira mayi kumudzi. Ndinafunsa ngati pali chilichonse cha agogo chatsala. Anati jasi tinawaika nayo, thilanki yawo yachitsulo ndi ija timasungiramo nyemba, koma muli kachitini ka mamendulo penapake, bwanji kodi, wayamba kulota malemu? Ndinati tangokatengani. Ndinamva akuitana mwana wa achimwene, kukhutula zinthu, nkhuku zikulira, mphindi zanga zikungopita. Kenako mwana uja anabwera pafoni, anati aunt pali ina yozungulira, ina ngati nyenyezi ya nsonga 6, kansalu kake kofiira pakati, yalembedwa zozungulira. Ndinaika foni pa sipika kuti Madala amve, ndinati tawerenga chilembo chimodzichimodzi. Anayamba, T, H, E, kenako B, U, R, M, ndipo kamayi ka pa khadi kaja kanalowerera kuti mwatsala ndi mphindi imodzi.

Madala anatenga bolopeni ija, koyamba chiyambire ine kulowa m'nyumba imeneyo, analemba m'kabuku kawo, n'kundiuza kuti Lachisanu pobwera ndigule makhadi awiri, ndalama apereka iwo, ndipo mayi anga akonzeke chifukwa mafunso alemba okha.

Zomwe mayi anayankha, ndi nkhani ya mkazi wa ku Ceylon yemwe banja lathu silimutchula, tikumane gawo 18.