Ku Baotou, kumene maginito amapindika ngati lamba

Sitima yochokera ku Beijing inatitsitsa ku Baotou kukuzizira kwambiri moti zala zinkakana kugwira chikwama. Mzindawu uli ku Inner Mongolia, chigawo cha kumpoto kwa China, m'mbali mwa mtsinje wa Huang He. Makilomita pafupifupi 150 kumpoto kwake kuli mgodi wa Bayan Obo, umene katswiri wa miyala Ding Daoheng anautulukira mu 1927 atapezapo miyala ya chitsulo. Za neodymium, mtundu wa chitsulo chopangira maginito amphamvu, ndi miyala ina yosowa ya pamalopo zinadziwika pambuyo pake.

Koma ine chinandiyendetsa ulendo wonsewu n'chimene ndinakachipeza pa fakitale ina kunja kwa mzinda. Mayi wina wovala chotchinga kukamwa anandipatsira kachidutswa kakuda, nandikodola kuti ndikapinde. Ndinakakulunga pachala, osathyoka. Nditakayandikitsa pachitseko chachitsulo, kanangoti phaa, kukakamira!

Kachidutswaka ndi ka ufa wa maginito wosakaniza ndi labala. Ufawo amaugula wopangidwa kale, ndipo kapangidwe kake n'kamene kanandigwira mtima. Amasungunula neodymium, chitsulo ndi boron, n'kudonthezera pa gudumu la kopa lozungulira mwaliwiro. Chitsulo chamadzicho chimauma nthawi yomweyo, n'kusanduka timizere topyapyala timene amatipera. Njirayi anaiyambitsa John Croat ndi anzake ku General Motors, kampani ya magalimoto ya ku America, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, nthawi imene Masato Sagawa ku Japan ankapanga maginito olimba a mtundu womwewu, aja osachedwa kusweka akagundana.

Ndinaima nthawi yaitali pamakina okandira. Ufa ndi labala zimalowa pakati pa zitsulo ziwiri zotentha zozungulira, kutuluka, kubwereranso, mpaka chinsalu chakuda chosalala chiyambe kuyenderera. Fungo la labala wotentha linali ponseponse. Chodabwitsa n'chakuti chinsaluchi sichikoka kanthu. Ndinayesa ndi kiyi, zii. Mphamvu imalowa pomaliza, akachidutsitsa pa koyilo ya waya wokulungidwa, imene amaiwomba magetsi ochuluka kwa kanthawi kochepa kuposa kuphethira. N'zoona kuti labala amachepetsako mphamvu, koma maginito otere amadulika ndi mpeni, n'kuzungulira bwino mkati mwa timamota ting'onoting'ono.

Madzulo tinadutsa kumadzulo kwa mzinda, pafupi ndi dziwe lalikulu la zinyalala zotsala poyenga miyalayi. Matope ake ndi akuda bii, ndipo muli thorium, mtundu wa chitsulo chotulutsa cheza choopsa. Pamenepo mtima unandiwawa, poganizira mabanja a m'midzi yoyandikana amene anasamutsidwa. Dalaivala anatseka mawindo, ife tonse duu, kachidutswa kaja kali m'thumba mwanga katamatirira makiyi.