Zikomo nonse amene munandifikitsa pa digiri ya Bayoloje

Ndamaliza, abale anga. Yunivesite ya Malawi ku Zomba yandipatsa digiri ya sayansi, ndipo phunziro langa lalikulu linali Bayoloje. Zithunzi za gauni zibwera pambuyo. Lero ndafuna ndiyambe ndathokoza, chifukwa pepalali lili ndi dzina langa lokha koma analivutikira ndi anthu ambiri, ndipo ena mwa iwo alibe n'komwe foni yoti awerengere mawuwa. Amene muli nawo pafupi, chonde muwawerengere.

Ndiyambe ndi Mulungu amene wandisunga ndi moyo, kenako amayi. Amayi, pamene ndinkasankhidwa kupita ku Chancellor College munandifunsa ngati ndikatuluka ndidzakhale dokotala. Nditakuuzani kuti ayi, simunakhumudwe, munangoti: "Kaphunzire chomwe wasankhacho, bola ukachidziwe." Ngongole ya boma inkathandiza pa fizi, koma ya nyumba ku Chikanda, ya ufa, ya ndiwo ndi yosindikizira manotsi inkachokera mu mpunga wanu ndi m'matemba amene munkayanika pathandala. Ndikudziwa kuti zaka zina munagulitsa mpunga mtengo usanakwere, chifukwa choti mwini nyumba anali pakhosi panga. Sindidzaiwala.

Ulendowu unatalika kuposa mmene tinkaganizira. Mu Malichi 2020 masukulu onse anatsekedwa chifukwa cha Covid-19, tinabwerera kumudzi. Maphunziro atayambiranso zambiri zinkadutsa pa intaneti, ndipo kwathu ku Phalombe netiweki imapezeka pamalo owerengeka. Alamu, munandibwereka foni yanu yabwino ija n'kutsala ndi kakang'ono kamabatani, ndipo simunandifunsepo tsiku lobweza. Mu 2021 sukulu yathu inasintha, makoleji ena amene anali pansi pa yunivesiteyi anaima paokha, ife n'kutsala ndi dzina loti Yunivesite ya Malawi. Tinalowa ku koleji ina n'kutulukira ku ina koma tili pa Chirunga pomwepo.

Chomwe chinatsala pang'ono kundichotsa pasukulu ndi namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa m'dziko muno, ambiri a m'chigawo chakummwera. Kwathu madzi anagwetsa nyumba, anakokolola munda, amayi ndi ana a achemwali anakagona kusukulu ya pulayimale pamodzi ndi mabanja ena. Ine ndinali nditatsimikiza kusiya kaye sukulu kuti ndikafune ganyu ku Blantyre. Amalume, inu ndi amene munakana. Munati nyumba timanganso, koma chaka chasukulu chikapita sichibwerera, ndipo munagulitsa mbuzi zomwe zinapulumuka. Anzanga a m'kalasi munasonkherana mwakachetechete, ena K2,000, ena sopo, ena ndiwo, osandiuza kuti wapereka ndani. Amayi a mvano a mpingo umene ndinkapempherako ku Zomba munatumiza zovala ndi mabulangete kwa anthu oti simunawaonepo. Kenako mu Novembala chaka chomwecho kwacha inagwa ndi 44 peresenti, zinthu zinakwera mtengo kulikonse, koma palibe mmodzi wa inu amene anabweza dzanja.

Tsopano ndinene za maphunziro enieniwo, chifukwa amene munandilipirira muli ndi ufulu wodziwa chimene ndatenga. Chaka choyamba chinali cha Masamu, Kemisitiri ndi Fizikisi pamodzi ndi Bayoloje. Pambuyo pake tinalowa mozama: maselo, chibadwa, zomera, nyama, tizilombo tosaoneka ndi maso, ndi kagwiridwe ntchito ka thupi la munthu, monga mmene impso zimasefera magazi ndi mmene mtima umawapopera. Koma chimene chinandigwira mtima ndi likodzo. Ine ndinakula ndikusambira m'madambo olowera kunyanja ya Chilwa, ndipo ndili mwana anyamata ambiri a msinkhu wanga tinkakodza magazi. Akuluakulu ena ankati n'chizindikiro choti mnyamata wayamba kukula. Tsiku limene ndinaona dzira la nyongolotsi ya likodzo pa maikulosikopu, looneka ngati njere ya mpunga, lili ndi kaminga kumapeto kwake, m'pamene ndinamvetsa chimene chinkatichitikira. Mazirawa amatuluka ndi mkodzo, amaswera m'madzi, tizilomboto timalowa m'nkhono za mtundu wa Bulinus n'kuchulukana mmenemo, kenako timatuluka tili ndi kamchira kamphanda n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa kapena kuwedza. Nyongolotsi zikakula zimakakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndi amene amavulaza chikhodzodzocho. Zikakhalitsa zimatha kuononga impso, kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo, komanso kwa amayi zimavulaza njira yoberekera. Chonsecho mankhwala ake alipo, praziquantel, amene ana amapatsidwa m'masukulu powayeza kutalika. Zimandiwawa kuti makolo ena amaletsabe ana awo kumwa.

N'chifukwa chake kafukufuku wanga wa chaka chomaliza anali wa nkhono za kunyanja ya Chilwa. Apa ndithokoze asodzi a pa doko la Kachulu. Munandikweza m'bwato osandilipiritsa, munandionetsa malo amene amayi amachapirapo ndi amene ana amasewererapo, ndipo nkhono zina munkanditolera nokha m'mabango ine ndikulimbana ndi matope. Zambiri zimene ndinalemba za kukwera ndi kuphwa kwa madzi ndinazimva kwa inu, anthu amene munaiona nyanjayi itauma mu 1995 ndi kuphweranso mu 2018. Mfumu ya m'deralo inandilandira n'kundilola kugwira ntchito, zikomo gogo chalo.

Aphunzitsi amene munayang'anira kafukufukuyu, munandibwezera zolemba zanga zili zofiira ndi inki, koma chilichonse munkandifotokozera chifukwa chake. Inu munandiphunzitsa kusalemba chinthu chimene sindinachiyeze. Ndipo pali anthu amene sitiwatchula kawirikawiri patsiku la gauni: ogwira ntchito mu labu. Bambo amene munandiphunzitsa kuika nkhono imodzi imodzi m'timakapu tamadzi, kuziika powala, n'kudikira kuti tizilombo tituluke, munkatsala nane nthawi yoweruka itapitirira, magetsi akazima n'kundithandiza kusuntha zonse kupita pawindo. Digiriyi muli nayo gawo lalikulu. Chimodzimodzinso a ku laibulale, ndi amayi ophika nsima ku Chikanda amene munkandikongoza mbale mwezi ukafika pakati.

Aphunzitsi anga a Bayoloje a ku sekondale yoyendera, munatiphunzitsa za maselo pojambula pabolodi chifukwa sukulu inalibe maikulosikopu, komabe munatichititsa kulikonda phunziroli. Ndidzabwera ndekha kudzakuthokozani.

Pakadali pano ndikufunafuna ntchito, makamaka ya mu labu kapena ya kafukufuku wa matenda ofalitsidwa ndi nkhono ndi udzudzu, ndipo amene mungamve za mwayi wotere mundidziwitse. Podikirapo ndikhala ndili kumudzi. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 a m'dera lathu amene Bayoloje ikuwavuta abwere Loweruka lililonse m'mawa, tizikumana pabwalo la tchalitchi, kwaulere. Abwere ndi makope awo ndi mapepala a mayeso akale a MSCE ngati ali nawo.